Kope Lobiriwira la Chaka cha Kariya

Tokyo, 22 Julaye

Okondedwa Achimwene a Shigeharu,

Ndayamba ndi kufunsa za moyo wanu, wa alamu ndi wa amayi. Kodi mawondo a amayi akuvutabe? Nanga phewa lanu lija likuti bwanji ndi chinyezi cha mwezi uno? Ine ndili bwino, kungoti kuno kwatentha ngati m'ng'anjo, ndipo nyenje zikulira ngati zalembedwa ganyu.

Ndamva kuti anyamata anu a kusukulu apambana masewera awiri a baseball mumpikisano wa m'chigawo. Mwagwira ntchito. Ndikudziwa kuti nyengo ngati ino foni simuyankha, ndipo mukayankha mumangoti "ee" ndi "iyayi" ngati mboni kukhoti. N'chifukwa chake ndalemba papepala, kuti alamu akuikireni pambali pa mbale ya mpunga, pamalo pamene simungathawe.

Nkhani ndi iyi. Timu ina ya kumpoto ikufuna kusinthana osewera ndi timu imene ndimagwirako ntchito kuno, ndipo pajatu likadutsa tsiku la 31 khomo latsekedwa mpaka nyengo ithe. Iwo akufuna Morisue, wowakha mipira wathu wa zaka 33, amene wanyonyomala kumbuyo kwa omenya zaka khumi ndi ziwiri ndipo amadziwa oponya athu kuposa momwe akazi awo amawadziwira. Ife akutipatsa woponya wamanzere wa zaka 21. Dzina lake mukulidziwa, popeza munamuphunzitsa ndinu kugwira mpira: Kariya Yuto, mwana wa mayi aja ogulitsa nsomba pafupi ndi doko.

Dzulo tinakhala pansi kuyeza nkhaniyi, ndipo tiyi anazizira m'makapu. Mphunzitsi wamkulu, a Fujisaku, akuti wamanzere woponya mpira pa liwiro la makilomita 153 pa ola sagwa kumwamba kawiri, ndipo akamupeza amuika pabwalo Ogasiti yemweyu, sabata iliyonse, kuti atikwezere timu. A Kuramochi, mkulu uja amene wakalamba ndi ntchito yosaka osewera, anaseka n'kunena kuti woponya wachinyamata ndi dzira la m'thumba la buluku: umayenda nalo monyada mpaka tsiku lokhala pansi. Anawonjeza kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. A Fujisaku anawayankha kuti munthu woopa nyerere asamadye nkhuyu, azingomwa phala ndi okalamba anzake.

Kenako onse anatembenukira kwa ine. Kuno amanditcha Pulofesa, osati mwaulemu ayi, koma chifukwa ndinakhala zaka zinayi ku yunivesite kuti ndidzawerenge mipira yoponya anthu ena. Ndinawauza zimene zili m'kompyuta mwanga, zoti mwa oponya makumi anayi amene timu yathu inatenga pa msinkhu umenewu, asanu ndi anayi okha ndiwo anatha zaka zisanu mikono ili yamoyo. A Fujisaku anati sanandifunse za manda, andifunsa za Kariya. Pamenepo bwana wamkulu anavula magalasi n'kufunsa ngati mphunzitsi wa Kariya kusekondale si mkulu wanga. Ndinavomera. Anati Lolemba ndibwere ndi liwu limodzi, inde kapena ayi, ndipo liwu limenelo lidzalembedwa pambali pa dzina langa.

Achimwene, zimene dziko likudziwa ndikuzidziwa. Chaka chake chomaliza kusekondale, Kariya anaponya mipira 612 m'masewera asanu pa masiku asanu ndi anayi. Manyuzipepala anamutcha mkono wachitsulo, ndipo chithunzi chanu mukumukumbatira chidakali pakhoma kwa wometa. Zimene dziko silidziwa ndi mipira imene anaponya kuseri kwa nyumba yosungira zida, m'mawa uliwonse, pakati pa masewerawo komanso miyezi yonse ya m'mbuyo mwake. Adokotala athu aona chithunzi cha chigongono chake chimene timu ija yatumiza. Akuti pali kamthunzi. Akuti mwina ndi chipsera chakale, mwina ndi mtsempha wotsala pang'ono kuduka, ndipo kuti anene molimba mtima afunika kudziwa katundu amene mkonowo unasenza uli wanthete.

Koma chimene chikundisowetsa mtendere si kamthunziko. Ndaonera kanema wa masewera ake onse a chaka chino m'timu yawo yachiwiri. Akadutsa mipira makumi asanu ndi limodzi, amatembenuka kuyang'ana kumbuyo kwa bwalo ngati akuwerenga zigoli, kenako amapukuta chala chaching'ono ndi chinzake pa buluku, kawiri, ngati zachita dzanzi. A Fujisaku akuti ndi thukuta. Ine ndinazimitsa kompyuta n'kukatsuka kumaso.

Inu mukudziwa kumene ndinazionapo. Munali ndi zaka 18, ine 16, ndili wowakha wanu, malemu ababa ali mphunzitsi wathu. Munkapukuta zala zomwezo, pa buluku, mutafulatira benchi. Nditakufunsani pampopi, munandigwira pakhosi pa malaya n'kunena kuti iwe kamwana, ukawauza ababa ndikugulula mano onse. Sindinawauze. Mano anga alipo onse mpaka lero, koma mkono wanu sunakwerenso kupitirira phewa.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Ababa anakusiyirani chizolowezi chawo cholemba mpira uliwonse woponyedwa pasukulupo, wa m'masewera ndi wa pokonzekera, m'makope obiriwira aja, kope limodzi chaka chimodzi. Nditumizireni kope la chaka cha Kariya. Musajambule masamba amene mwasankha inu. Ndikufuna lonse, ndi madontho ake a tiyi.

Ndikudziwa chimene ndikupempha. Ngati manambala ali monga ndikuopera, adzawerengedwa m'chipinda chodzaza anthu a masuti, ndipo wina adzafunsa kuti ndi mphunzitsi wamtundu wanji amene analola zoterezi. Ndidzayankha kuti ndi mphunzitsi amene anachita zimene anaphunzitsidwa, zimene tauni yonse inkamuombera m'manja, komanso amene sananame m'kope mwake. Sindikulonjeza kuti nkhaniyo siidzatuluka m'chipindamo. Makoma a kuno ndi opyapyala kuposa a kwathu.

Musaganize kuti ndikufuna kumutsekera mwana wa kwathu khomo. Ndikakhala ndi kopelo m'manja, ndikhoza kuwauza kuti timutenge, koma osati posinthana ndi Morisue, ndipo asakhudze mpira chaka chino mpaka adokotala atathana naye. A Fujisaku adzakalipa, koma inki sakangana nayo. Ndikapita chimanjamanja, ndatsala ndi njira ziwiri. Ndikati ayi, Kariya atsala kumpoto, kumene akuoneka kuti akufuna kumuchotsa dziralo lisanasweke m'thumba mwawo, ndipo kwathu adzati mng'ono wa mphunzitsi anamuchitira nsanje. Ndikati inde, a Fujisaku amuponyetsa mipira zana sabata iliyonse, ndipo pofika Seputembala tidzakhala opanda Morisue, opanda Kariya, ine ndikubwera kudzathandiza amayi kuthyola zipatso za yuzu. Za ine zilibe kanthu kwenikweni, makwerero ndimatha kukwera. Koma mnyamatayo ali ndi mkono umodzi wokha wamanzere.

Iye sadzanena. Mukamufunsa adzawerama n'kunena kuti ali bwino, zikomo kwambiri aphunzitsi. Munamuphunzitsa bwino, monga ababa anakuphunzitsirani inu. Ndipo pa timu yawoyo palibe wowakha amene angayerekeze kulankhula. Ndikuwamvetsa.

Mukalitumiza Lachinayi pa mtengatenga wachangu, lifika Lachisanu, ndipo ndikhala nalo Loweruka ndi Lamlungu. Likapanda kufika, sindikuimbirani foni kufunsa chifukwa chake. Ndidzangodziwa kuti mwayankha.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti nsomba ya katsuo ya kuno imakoma ngati nsapato ndipo ndibwera kudzadya yawo pa chikondwerero cha Obon, ngati mundilola kulowa pakhomo. Moni kwa azakhali a kuphiri, kwa mwana wanu Chinatsu amene ndamva kuti masamu akumugonjera ngati bambo ake aang'ono, ndi kwa anyamata anu onse. Apambane Loweruka, koma woponya wanu mumupumitse.

Moni wapadera kwa alamu. Makope aja paja ali pamwamba pa kabati ya ababa. Muwapemphe iwo akutsitsireni, Achimwene. Ndikudziwa kuti mkono wanu sufikapo.

Ndine mng'ono wanu, wowakha wanu wakale,

Tokuji