Siling'i ya Amayi Idikire Kaye

Okondedwa achemwali a Veronika,

Ndikhulupirira nonse muli bwino ku Chiosyako. Kodi mwendo wa amayi wasiya kutupa? Ife kuno ku Joni tsopano tikupuma, koma mwezi wathawu tinaona zakuda.

Mwana wanu Rozi anadwala chifuwa milungu itatu. Ankatsokomola mpaka kusanza, ndipo Esitele, mayi ake, anangotsala maso okha ndi nkhawa. Ine ndinkaopa chifuwa chachikulu. Kuchipatala atamuyeza anati si chimenecho, koma adokotala anafunsa ngati m'nyumba mwathu muli chinyezi. Ndinakana, poti denga silidontha.

Nditabwerera ndinayang'ana kumwamba. Siling'i pamwamba penipeni pa bedi inali itada ndi nkhungu.

Manyazi ndi akuti siling'iyo ndinakhoma ndine, chisanu chisanayambe. Pamwamba pake ndinayala zonga thonje zija amaika kuti nyumba izifunda, kenako ndinafunditsa pulasitiki, n'kutseka mipata yonse ya m'munsi mwa malata kuti mphepo isalowe. Ndinkadziona katswiri.

Ndinakaitana a Abbasi, aja bambo awo anali ndi sitolo ya nsalu pa boma, amene kuno ndi amisiri a madenga. Anakwera, n'kutsika ndi chibenthu cha thonjelo, n'kuchifinya Esitele akuona. Madzi anachita kuyenderera m'zala. Anati nthunzi ya kuphika, ya matewera amene timayanika m'nyumba, ngakhale mpweya wathu womwe, imakwera n'kudutsa siling'i. Ikagunda pulasitiki yozizira ija imasanduka madzi, ndiye poti ndinatseka paliponse inalibe kothawira. Anatinso pulasitiki imayenera kukhala pansi, kumbali yofunda, thonje pamwamba pake, ndipo mphepo izidutsa pakati pa thonjelo ndi malata. Anandiseka kuti ndinachita ngati woveka mwana jekete mkati, malaya kunja.

Tinagwetsa zonse Loweruka, tinataya mabolodi owola, n'kuyambiranso. A Abbasi sanafune ngakhale tiyi. Lero ndi masiku khumi, siling'i ili gwa, ndipo Rozi wayambanso kudya ndi kulimbana ndi mphaka wa aneba. Esitele wayambanso kundiyankhula bwino, matewera akuyanika panja.

Tsono pempho langa ndi ili. Mukukumbuka kuti pa foni ndinawalangiza alamu a Vincent mmene akhomere siling'i m'chipinda cha amayi? Ndinawauza zolakwika zomwezi. Chonde auzeni aime kaye. Ngati pulasitiki aiyala kale pamwamba, aichotse, ndipo asamate mipata yonse pakati pa khoma ndi malata. Ngati akuopa mileme ndi makoswe, aikepo waya wa sefa. Ndikudziwa kwathuko sikuzizira ngati kuno, koma nanunso mumaona malata akuchita thukuta m'mamawa mwezi wa June, ndipo chifuwa cha amayi mukuchidziwa. Alamu akanyinyirika kuti ndikusinthasintha, musanditeteze. Auzeni kuti ndinaphunzira pa mwana wanga, sindikufuna kuphunziranso pa amayi. Kuseri kwa kalatayi a Abbasi ajambula mmene ziyenera kukhalira.

Mupereke moni kwa amayi, kwa amalume ku Mlonyeni, kwa azakhali ndi adzukulu onse. Esitele akuti amayi asadandaule, mdzukulu wawo masaya abwerera.

Ndine mlongo wanu,
Vitus