Botolo la m'chiuno

Lolemba, 5 Febuluwale

Kamwazi wavuta kwa matenanti a pa esiteti ya fodya kuseri kwa Nsaru. Ana awiri amwalira m'sabata imodzi. A Jonasi, tenanti wochokera ku Phalombe, abweretsa ku labu kwathu chimbudzi cha mwana wawo Talandira, koma chitazizira kale. Sindinaonemo kanthu. Tizilombo timeneti n'tovuta: mpweya womwe ife timapuma kwa ito ndi chiphe, tikazizidwanso timafa. Mawa ndikatenga ndekha.

Lachiwiri, 6 Febuluwale

Ndatenga chatsopano kwa a Jonasi, ndi matope a pansi pa chitsime. Kudzaza botolo mpaka pakamwa, kutseka zolimba, kulimangirira m'chiuno mkati mwa chitenje kuti lifunde. Njinga liwiro mpaka ku labu.

Pa maikulosikopu ndakapeza. Ameba. Kaselo kamodzi kokha, kopanda mutu kapena mano, koma m'kati mwake mwadzaza maselo ofiira a magazi a mwana. Kamangokwawa, kukuta, kumeza. Ndakatukwana mokweza mpaka anesi kusuzumira. Talandira wayamba mankhwala.

Ta m'matope tija n'tina, tosalakwa, timangodzidyera mabakiteriya mumdima.

Lachitatu, 7 Febuluwale

Amalume a Caleb, omwe ndimakhala kwawo, ndi kapitawo pa esitetipo. Lero akuti, "Eunice, kodi chimbudzi cha ana a eni ake umapita nacho kuti?" Ndaseka. Iwo sanaseke.

Lachisanu, 9 Febuluwale



Ndinapita kukatenga cha mwana wina. Pobwerera ndinapeza khamu pa chitsime, mwana wachitatu atamwalira m'mawa. Mayi wina anandikoka chitenje. Botolo pansi, la magazi, lofunda.

"Si ichi! Akupopa ana athu!"

Khofi. Lina. Mkamwa mchere wokhawokha. Wina anandiloza ndi chikwanje: "Wakupatsa ndani? Nena."

Ndinati, "A Jonasi."

Botolo limenelo silinali lawo n'komwe. Dzinalo linangotuluka.

Anandisiya. Anakawatulutsa m'chigafa, akusoka fodya. Ndodo, mipini, njerwa. Iwo ankangoti, "Mwana wanga akuchiratu, kamuoneni." Mlendo alibe womuleretsa. Amene anawaphwanya mutu ndi njerwa ndinamuona bwino. Malaya a buluu omwe ndinasita ndekha Lamulungu. Amalume.

Loweruka, 10 Febuluwale

A Jonasi awatumiza ku chipatala chachikulu ku Lilongwe. Sakulankhula.

Lamulungu, 11 Febuluwale

Amalume avala jekete, apita kutchalitchi, awerenga mawu pamaso pa mpingo osaphonya ngakhale chilembo. Pobwera andipeza ndikutsuka mbale.

"Anthu anachuluka tsiku lija, eti? Munthu sungazindikire nkhope."

Akazi awo andipakulira nyama yambiri kuposa masiku onse. Ndikudana nawo onse awiri. Koma amene ndikudana naye zenizeni ndi ine.

Lachiwiri, 13 Febuluwale

A Jonasi amwalira dzulo.

Akazi awo, a Dainess, abwera ku labu, Talandira ali kumbuyo akukukuta chimanga. Analipo tsiku lija, anamva zomwe ndinanena. Ndinadikira kuti andilavulire malovu. Angomasula mfundo ya chitenje n'kundionetsa mapiritsi.

"Otsalawa amalize, kapena asiye?"

Ndati amalize. Athokoza, apita.

Lachitatu, 14 Febuluwale

Ndapita kupolisi osaitanidwa. Ndayamba ndi dzina langa, ndi bodza lomwe ndinanena pa chitsime. Kenako dzina la amalume. Wapolisi waimitsa cholembera.

"Ndi abale anu amenewa?"

"Alongo awo a mayi anga. Ndi amene anandiphunzitsa sukulu."

Walemba.

Pofika kunyumba ndapeza chikwama changa pabwalo, mvula ikuchinyowetsa. Chitseko chotseka, wailesi ikuyimba m'kati. Sindinagogode. Ndikulemba izi pa benchi ya ku labu, mapepala onyowa, ndipo kogona sindikukudziwa.