Anandidziwira pa "pepani pepani"

Aphungu,

Ndithandizeni, mutu wanga sukugwira. Sukulu sindinapite nayo patali, ndiye mukapeza polakwika mungowongola.

Ndine mayi wa ana atatu ndipo ndimasoka zovala pashopu ya mayi ena. Tilipo anthu anayi: abwana, mlamu wanga amene anandipezera ntchitoyi, mayi wosita, ndi ine. Chibadwire mwana wanga womaliza, mkodzo umandipulumuka ndikatsokomola, ndikaseka kapena ndikapalasa makina nthawi yaitali. Ndimapinda tizidutswa ta nsalu n'kuvala mkati. Sindinauzepo munthu, ngakhale bambo akunyumba.

Mwezi watha ndinalowa m'gulu la amayi la pa intaneti momwe munthu amatha kulemba nkhani dzina lake osaoneka. Ndinalemba zonse. Aphungu, amayi osandidziwa anandilandira ngati m'bale wawo. Wina anati, "Mayi, musadzide, nanenso zinandichitikira koma pano ndili bwino." Wina anati ndi namwino, akuti amenewa si matenda ochita nawo manyazi. Tsiku limenelo ndinamva ngati ndatula mtolo.

Koma ine ndili ndi chizolowezi. Ndikafuna kuyankhula ndimayamba ndi "pepani pepani", ngakhale pobwereka sizasi. Kushopu anachita kunditcha a Pepanipepani. Nanga si uthenga wangawo ndinauyambanso choncho, "Pepani pepani amayi anzanga"? Ndinakumbuka kubisa dzina, za kayankhulidwe kanga sindinaganize n'komwe.

M'mawa mwake munthu wina, nayenso wobisa dzina, analemba pansi pake kuti, "A Pepanipepani, n'chifukwa chake mpando wanu wapazenera palibe amaukhumbira. Muzibwereka thewera kwa mwana." Ena anaikapo tinkhope toseka tija.

Ndinafufuta uthengawo, koma anali atauwerenga kale. Nditafika kuntchito ndinapeza pampando panga atayalapo jumbo. Ndinafunsa kuti, "Pepani, jumboyi waika ndani?" Mayi wosita anati, "Kaya, mwina yabwera ndi mphepo." Mlamu anangoweramira makina, mapewa akugwedezeka. Mpaka lero sindikudziwa ngati ankaseka kapena ankangopalasa.

Chikundiwawa n'chakuti mpando umenewo amaudziwa ndi anthu atatu okhawa. Mlamu ameneyu ndinamudikirira kuchipatala atabereka, zovala zake ndinachapa ndi manja angawa. Lero akati, "Mlamu, mwadzuka?" ndimayankha bwinobwino, mumtima ndikumutukwana. Tiyi ndinasiya kumwa nawo. Madzi sindimwa tsiku lonse kuopa ngozi. Aliyense akaseka, ngakhale kasitomala, ndimayang'ana siketi yanga.

Kuchipatala sindinapite, ndikuopa kukumana ndi wondidziwa pamzere. Namwino wa m'gulu uja, yemwe ndinamulembera kumbali, wanditumizira uthenga wapandekha, akuti ali ndi mankhwala ndipo angandigulitse mwachinsinsi.

Ndikuganiza zongosiya ntchito. Nthawi zina ndimafuna nanenso nditsegule akaunti yabodza ndiulule za mlamu, poti zake ndimazidziwa zambiri. Nanga mlamuyo akakauza achimwene ake, amuna angawo, za vuto langali, banja langa likhalapo? Nditani ine?

Ine wosowa mtendere,
L.K.

Mayi L.K.,

Choyamba imwani madzi. Kudzimana madzi kungakubweretsereni matenda ena pamwamba pa amenewa. Sabata yomwe ino pitani kuchipatala. Vuto lanulo limagwera amayi ambiri akabereka, ndipo achipatala ali ndi njira zothandizira, kuyambira kukuphunzitsani kulimbitsa minofu ya m'chiuno. Wokuonani pamzereyo nayenso wabwera ndi lake.

Wolemba zachipongweyo ndi wamantha komanso wankhanza, ndipo simukulakwa kupsa mtima. Komatu musaiwale kuti mukadapanda kubisa dzina, bwenzi mukupindabe tinsalu muli chete, osadziwa kuti pali thandizo. Amayi amene anakulimbitsani mtima aja ankanena zoona. Vuto ndi lakuti pamalo pomwe inu munabisala kuti mulire, wina anabisalanso kuti akulaseni. Dandaulani kwa oyang'anira gululo kuti amuchotse. M'magulu ambiri otere iwo amaona dzina lenileni la wolemba, lanunso analiona.

Za mlamu wanu, umboni mulibe. Mapewa a telala amagwedezeka tsiku lonse. Makasitomala nawonso amamva akukuitanani a Pepanipepani, ndipo amaona pamene mumakhala. Mwina ndi iyeyo, sindikumuikira kumbuyo, koma mukamuloza chala molakwika mudzadula chibale chimene simudzathanso kuchisoka.

Jumbo ija ndi nkhani ina. Imene ija inaikidwa ndi munthu wa mushopu momwemo. Akokereni abwana pambali muwauze mosapita m'mbali kuti, "Ndili ndi vuto la m'thupi, ndikukaonana ndi achipatala, koma chipongwe cha pampando panga chithe." Poyankhula zimenezi musapepese, simunalakwire aliyense. Ntchito musasiye. Inu mukachoka, woika jumboyo akhalira mpando wapazenerawo akuseka.

Amuna anu auzeni nokha asanamve kwa wina. Mwana amene anabwera ndi vutoli ndi wa nonse awiri. Mukawauza, wonyozayo adzasowa chokuopsezerani.

Za akaunti yabodza ziiwaleni. Inu anakudziwirani pa mawu awiri okha. Zinsinsi za mlamu zikatuluka, banja lonse silidzavutika kudziwa kuti zachokera pakamwa pa ndani, ndipo pamenepo wolakwa adzakhala inu.

Pomaliza, chenjerani ndi namwino wa mufoniyo. Namwino weniweni amakutumizani kuchipatala, sagulitsa mankhwala mobisa kwa munthu amene sanamupime. Mwina si namwino, mwinanso si mkazi n'komwe. Musamutumizire ndalama, chithunzi kapena kumuuza kumene mumasokera. Wokhudza za thupi lanu akhale munthu woti mukumuona nkhope.

Aphungu