Eyiti ya Kamiyendo

14 Meyi

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ndipo msana uja wakusiyani. Kuno tilipo, makina anga osokera akulirabe ngakhale lamba wake watha. M'kalata yapita ija ndinalemba kuti mwana wanu Kamiyendo ali bwino. Ndinakunamizani, lero ndiulule.

Mwezi watha kusukulu anawayesa ana kuthamanga mamita 50, aliyense n'kubwera ndi kapepala. Ka Kamiyendo kanalembedwa 8.1, ka mwana wa aneba 11.6. Mayi ake anafika pakhomo panga akuvina, ati wawo wakhoza, mpaka anamugulira chakumwa. Ine manyazi anandigwira. Sukulu ndinalekezera panjira, koma zoti malikisi ochepa ndi kulephera ndimazidziwa.

Kamiyendo ndinamukalipira. Ndinati, "Tsiku lonse kuthamanga, mbale osatsuka, lero ukundibweretsera eyiti? Mayi ako ndiwauza chiyani?" Iye anati, "Mayi aang'ono, si choncho," koma ndinamuuza kuti atseke pakamwa. Kalata yomulola kupita ku mpikisano wosankha timu ndinakana kusayina. Kuyambira tsikulo anasiya kuthamanga. Ndikamutuma kugolosale ankayenda ngati nkhalamba, ndipo anasiya kunditchula mayi aang'ono, ankangoti "inu".

Lachiwiri lapitali aphunzitsi a zamasewera anabwera kudzapinditsa thalauza, n'kundifunsa chomwe ndamuletsera mwana. Nditawatulutsira kapepala kaja anaseka mpaka misozi. Anati, "Mayi, awa si malikisi, ndi masekondi! Atsikana ambiri a msinkhu wake amatenga 9 kapena 10. Nambala yaikulu ndi ya wochedwa. Wanuyu anawasiya m'mbuyo onse a m'kalasi mwake." Safunsa anadya phula, Achemwali, ndipo phulalo ndinadya ndine.

Ndinasayina pomwepo, koma mwana anati sakufunanso, pamene mpikisano ndi Loweruka likubwerali. Ndinamupepesa, ine wamkulu, koma sizinathandize. Mtima unandiwawa kwambiri poganiza kuti munandisiyira mwana wothamanga ndipo ndamuthyola miyendo ndi pakamwa panga.

Dzulo m'mawa ndinatenga tepi yanga yoyezera nsalu n'kuyamba kuyeza kanjira ka kuseri kwa nyumba. Tepiyo ndi ya mita imodzi ndi theka, ndiye ganizirani kuwerama kwake kuti akwane mamita 50. Aneba ankafunsa ngati ndapeza oda yosokera msewu diresi. Ndinalemba mzere ndi choko changa, n'kuima ndi foni m'manja yowerengera masekondi. Kamiyendo anandiyang'ana nthawi yaitali ali pakhomo, kenaka anavula masilipasi.

Foni inaonetsa 8.4. Anabwera akupuma wefuwefu, anasuzumira, n'kunena kuti, "Mwachedwa kudina ndinu." Ndinavomera msanga.

Aneba aja sindinawauzebe za 11.6 yawo, ndikusowa poyambira. Mwana wawo lero amathamanga nafe.

Pempho langa ndi nsapato zothamangira, ngati mungathe. Wajambula phazi lake kuseri kwa kalatayi, muonjezereko pang'ono chifukwa akukula. Zikachedwa musadandaule, Loweruka athamanga ndi zomwe zilipo.

Mupereke moni kwa alamu. Kamiyendo akuti akusowani kwambiri. Pamene ndimapinda pepalali wandigwira paphewa n'kuti, "Mayi aang'ono, Loweruka mukaime pamzere womalizira, ndizikathamangira kwa inu." Ndikaima pamenepo m'malo mwa tonse awiri.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Telala wosadziwa masekondi