Chitini cha Mchere

Kudzera kusitolo ya a Dilip,
Lilongwe, Nyasaland.
17 Ogasiti 1958.

Okondedwa a Redson, mphwanga,

Mwa chisomo cha Mulungu kuno tadzuka bwino, kaya inu ku Halale kumeneko. Kalata yanu ya mwezi wa Julaye ndidalandira. Ndachedwa kuyankha chifukwa ndinkafuna kuona mapeto a nkhani ndisanagwire pensulo. Mukudziwa kuti sukulu ndidalekezera Sitandade 2, ndipo dzanja langa lidazolowera sizasi. Choncho muwerenge modekha, musalumphe mzere.

Choyamba, mwana wanu Lonely wachira. Dzulo wathamangitsa tambala wa eni ake mpaka kumsewu, ndipo ndamudzudzula.

Chachiwiri, mudalemba kuti ndiperekeze akazi anu a Ursula kwawo ku Nathenje, ndikauze ankhoswe kuti ukwati watha. Sindidachite, ndipo sindidzachita. Mawu amenewo mudalemba chifukwa cha kalata yanga ya mwezi wa Juni. Kalata imeneyo muing'ambe. Chifukwa chake ndi ichi.

Mukukumbukira zimene ndidakuuzani, kuti mwana adadzuka nkhope itatupa ngati walumidwa ndi njuchi, ndipo ukadina chala pamwendo pankatsala dzenje. Ine ndi inu tidakula tikumva kuti mwana akatupa chotero ndi mdulo: wina m'nyumba wayenda njira yosayenera, nabwera kudzathira mchere m'ndiwo. Inu muli kutali chaka chachiwiri tsopano. Ine mkazi wanga adatsogola kale. Ndidaweruza ndekha mumtima, ndipo mlandu udagwera alamu. Sindidawafunse, sindidawakalipire. Ndidangolowa kukhitchini, ndi kutenga chitini cha mchere, ndi kukachiika kuchipinda kwanga. Munthu wamkulu safuna kumuuza tanthauzo la zimenezi. Alamu adangogwada, nayang'ana pansi. Amayi awiri oyandikana nafe adaona, ndipo dzuwa lisanalowe nkhani idafika kumsika.

Kuyambira tsiku limenelo mchere ndinkathira ndine. Ndivomere kuti ntchito imeneyi sindidaiphunzire. Ndinkatapa ndi dzanja lonse ngati wofesa mawere. Palibe adadandaula, pakuti ndani angadandaule kwa ine? Mwana adapitirira kutupa, ndipo ine ndidati mlanduwu ndi waukulu kuposa mmene ndinkaganizira. Ndipamene ndidakulemberani.

Loweruka lotsatira adabwera mwana wanga Immaculata kuchokera kuchipatala cha mishoni, kumene akuphunzira unamwino chaka chachiwiri. Mukudziwa kuti sukulu imeneyi sindidaikonde. Atangoona Lonely, adaiwala ngakhale kundipatsa moni, nafunsa alamu kuti, "Amayi aang'ono, mwanayu akukodza bwanji?"

Ndidati, "Iwe, amenewo ndi mawu olankhula pamaso pa atate ako?"

Adati, "Pepani atate, mwaswera bwanji? Amayi aang'ono, akukodza bwanji?"

Alamu adayankha motsitsa kuti pang'ono pokha, ndipo maonekedwe ake ngati tiyi wopanda mkaka. Adafunsanso ngati mwana adadwalapo pakhosi kapena zilonda. Alamu adati adali ndi zilonda za mphere m'miyendo masabata atatu apitawo, koma zidapola. Kenaka Immaculata adalawa mpiru umene udali pamoto. Adalavula panja, nati, "Ndani akuthira mchere muno? Akufuna kutha anthu?"

Mwana wanu adatukula dzanja lake lotupa, nandiloza. Adati, "Atate aakulu."

Tsiku lomwelo tidapita naye kuchipatala. A Dilip, eni khonde limene ndimasokerapo, adatilola kukwera lole yawo yonyamula nsalu, ndipo adauza dalaivala kuti akatitsitse pakhomo penipeni. Mwana adagonekedwa, alamu adatsala naye.

Patapita sabata, Immaculata adabweranso, nandituma kumsika kuti ndikagule impso imodzi ya mbuzi. Taonani masiku ano, mwana kutuma kholo. Ndidapita kwa a Sumaila ogulitsa nyama aja. Adandiyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato.

Adati, "A Bauleni, zaka khumi mukugula mafupa okhaokha, lero impso? Mwapeza mkazi kodi?"

Ndidati, "Ndi ya sukulu."

Adati, "Sukulu yanji yophunzira mbuzi? Mwana wanuyo akatsiriza abwere kuno, mpeni ndili nawo wachiwiri."

Sindidaseke, koma adandipatsa yabwino.

Immaculata adaidula pakati ndi lezala, naiyala pambale. Adati umu ndi mmene Asisitere amawaphunzitsira: aliyense impso yake ya mbuzi, adule, aone, ajambule m'kope, atchule mbali zake pamtima. Adatenganso sefa ya ufa. Ndilemba mmene ndidamvera, inu mukafunse odziwa kumeneko ngati ndalakwitsa.

Impso ndi sefa ya magazi. Zoipa ndi madzi otsala zimatsika, zabwino zimatsala m'thupi. Tizilombo ta m'zilonda kapena ta pakhosi timautsa nkhondo m'magazi. Zilonda zikapola munthu amati zatha, koma patapita masabata awiri kapena atatu nkhondo ija imafika kuimpso, ndipo zimatupa. Mabowo ena a sefa amatsekeka, ena amang'ambika. Otsekekawo amaletsa madzi ndi mchere kutuluka, ndiye kutupa kuja. Ong'ambikawo amataya magazi, ndiye tiyi uja. Adati, "Atate, mudauona mchere m'nyengo ya mvula mmene umanyowera wokha? Mchere umaitana madzi. M'thupi umachitanso chimodzimodzi."

Ndidati, "Nsalu ikang'ambika ine ndimasoka."

Adati, "Iyi imadzisoka yokha mukaipumitsa. Koma mukaikakamiza ntchito, ing'ambikiratu."

Ndidaganiza pang'ono, ndipo ndidati, "Zonsezi ndamva. Koma mbuzi ilibe ukwati."

Sadatsutse. Adangoti ndidzapite kuchipatala Lachitatu m'mawa. Impso ija tidaotcha, ndidadya ndine.

Lachitatu ndidatseka makina, ndidapita panjinga. Asisitere adandilola kuima pakhomo la chipinda chophunzirira. Atsikana asanu ndi mmodzi ovala zoyera adazungulira kanyale kakang'ono, aliyense atagwira kabotolo kowonda kagalasi. Adatenthetsa mkodzo wa Lonely pamotopo. Ndidaona ndi maso anga ukuchita mitambo yoyera ngati dzira likamapsa. Adadonthezera viniga, mitambo sidachoke. Adatenthetsanso wa mtsikana mmodzi wa gulu lawo, wathanzi. Udakhala mbee, wopanda mitambo. Asisitere adati choyeracho ndi chakudya cha thupi chimene sefa yong'ambika ikutaya, ndipo tsiku limene chidzaleke kuoneka, mwana adzatuluka.

Kenaka adayamba kuwafunsa mmodzimmodzi. Wina atafunsidwa kumene impso zimakhala, adaloza pachifuwa. Asisitere adati ameneyo akakwatiwe ndi wogulitsa nyama, akaphunzire bwino. Ndidakumbukira a Sumaila. Immaculata adafunsidwa kasamalidwe ka wodwala wotere. Adaimirira, manja kumbuyo, nati wodwala agone osayendayenda, madzi amene wamwa ndi amene watulutsa ayezedwe tsiku ndi tsiku, mchere asalawe, nyama pang'ono pokha, abayidwe jekeseni wa penisilini, ndipo akati mutu ukuwawa aitanidwe dokotala msanga, pakuti akhoza kukomoka. Ndidaona kuti adayankha bwino. Sindidamuuze.

Atatha, Immaculata adandiperekeza kumene kudagona Lonely. Nkhope idali itayamba kuphwa, maso akuoneka. Pabedi loyandikana padagona mtsikana wina wamsinkhu womwewo, wotupa chimodzimodzi, zipsera za mphere zomwezo m'miyendo. Immaculata adandinong'oneza kuti, "Atate, uyu alibe bambo, alibe mayi. Adaleredwa pamishoni pano kuyambira ali khanda. Mchere wa m'ndiwo zake amathira ndi Asisitere aja. Ndikawaitane muwafunse kumene adayenda?"

Ndidavala chipewa changa ndi kutuluka panja. Ndidakhala pansi pa mtengo wa mango nthawi yaitali.

Za miyambo ya makolo sindikamba zambiri. Ndine wamng'ono kuti ndiigwetse, ndipo siili pamlandu m'kalata muno. Ndikunena za nyumba yanga yokha. M'nyumba imeneyi mudali munthu mmodzi amene dzanja lake lidavulaza mwana ndi mchere, ndipo munthuyo ndi amene akukulemberani.

Alamu adakhala kuchipatala masabata asanu, akugona pamphasa pafupi ndi bedi. Adadya ndiwo zopanda mchere masiku onsewo kuti mwana asalire poona mbale ya amake. Izi adandiuza ndi Immaculata, eni ake sadanene.

Lonely adatuluka kumayambiriro kwa mwezi uno. Asisitere adati mchere ayambe pang'onopang'ono, ndipo mwezi uliwonse tizipita ndi kabotolo kuti akatenthetse. Lamulungu titachokera kutchalitchi, ndidaitana amayi awiri oyandikana nafe aja kuti adzadye nafe, pakuti maso amene adaona potenga ayenera kuonanso pobweza. Nkhuku ili pamoto, ndidalowa kuchipinda, ndidatulutsa chitini, ndipo ndidachipereka kwa alamu ndi manja awiri. Ndidati, "Alamu, ndiwo za m'nyumba muno zasowa mwini wake."

Adalandira, nachigwedeza pafupi ndi khutu. Adati, "Alamu, chitinichi chapepuka. Chidachoka kuno chili chodzaza."

Amayi aja adaseka mpaka wina adagwetsa mpango. Alamu adatapa ndi nsonga za zala zitatu, nathira. Ndipamene ndidadziwa muyeso wake. Ndidayamba kudya ndine, onse akuona. Mawu ena sindidanene, pakuti sindiwadziwa.

Tsopano ndili ndi zopempha. Za kalata yanu ya Julaye alamu sindidawauze. Ili m'kabati ya makina, pansi pa ulusi. Muwalembere yawoyawo, yosadzera mwa ine, ndipo muwathokoze chifukwa cha mwana. Ikafika imeneyo, inayo ndiotcha. Mukapsa mtima, mupsere ine. Ndine ndidayatsa moto, inu mudangouzira. Pa Khirisimasi mupemphe tchuthi kwa abwana anu, mubwere. Zaka ziwiri zakwana, ndipo Lonely wayamba kufunsa ngati muli ndi ndevu.

Chinanso, Immaculata alemba mayeso mu Novembala. Akuti powerenga kugunda kwa mtima amabwereka wotchi ya mnzake. Ngati kumeneko ipezeka yokhala ndi kamuvi kothamanga kaja, mudzabwere nayo. Musamuuze kuti ndapempha ndine.

Mupereke moni kwa onse a kwathu amene muli nawo kumeneko. A Dilip akupereka moni. A Sumaila akuti mukabwera mukalandire impso yaulere, popeza banja lathu lasanduka sukulu. Immaculata akupereka moni. Lonely wajambula tambala kuseri kwa pepalali, ndamuletsa koma wajambula. Akazi anu a Ursula ali bwino. Pamene ndikulemba ali kukhitchini, ndikumva akuimba. Sadaimbe kuyambira mwezi wa Juni. Ndiwo zawo ndadya masiku khumi ndi anayi tsopano, m'mawa ndi madzulo. Sindinatupe.

Ine mkulu wanu,
Bauleni