Dengu langa lili pa tsamba lachisanu ndi chiwiri

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 29, ndimaluka madengu a mlaza ndipo ndimakhala ku Libuyu, mu mzinda wa Livingstone. Chaka chatha ife ogulitsa ziboliboli, madengu ndi mikanda kufupi ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya tinatsegula msika wathu pa intaneti, kuti alendo aziona katundu wathu ngakhale atabwerera kwawo. Msikawu ulibe bwana. Ndi wa kopaletivi yathu ya anthu 43, ndipo aliyense ali ndi voti imodzi.

Wokonza msikawo atafunsa kuti katundu wa yani ayambe kuoneka munthu akatsegula foni, palibe anaganiza kawiri. Tinamupatsa mayina monga momwe timakhalira pa msonkhano, akulu kutsogolo, ana kumbuyo. Tsamba lililonse limaonetsa anthu asanu ndi mmodzi. Woyamba ndi apongozi anga, Ba Inyambo, amene akhala akusema mvuu za mtengo wa mukwa ine ndisanabadwe. Ine ndine wa 41, pa tsamba lachisanu ndi chiwiri.

Mwezi watha ndinapatsa mlendo wina foni yanga kuti aone msikawo. Anakankha chala kawiri, nandibwezera. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuyang'anitsitsa zala za alendo, ndipo sindinaone amene anapitirira tsamba lachiwiri.

Pa msonkhano ndinapempha kuti tizisinthana malo. Ba Siyanga, wosema wina wachikulire, anaseka: "Iwe mwana, wabwera dzulo, lero ufuna mpando wa apongozi ako? Ni foni yakupusitsa." Apongozi sanandiyang'ane. Anangoti, "Tizavota Loweruka." Timavota pokweza manja, ndipo akulu amene amakhala kutsogolo amatembenuka kuti aone.

Mwamuna wanga Imwiko anandiuza kuti, "Ba tata akaona dzanja lako m'mwamba, ine nizalowa bwanji pakhomo pawo?"

Lamlungu lililonse ine apongozi ndimawapatsa moni nditagwada ndi kuwomba m'manja, ndipo sindifuna kusiya. Koma ndikufuna kumvetsa. Kodi munthu amene ndimamugwadira Lamlungu angakhaledi wofanana nane Loweruka? Ndikweze dzanja kapena ndilisunge pa chitenje?

L.M., Livingstone

L.M. mwanawe,

Kalata yako ndaiwerenga katatu, pensulo ili m'manja. Tiyambe ndi manambala, chifukwa sachita manyazi ndi apongozi.

Muli 43. Masamba awiri oyamba amaonetsa anthu 12. Ndiye kuti obisika ndinu 31, ndipo kuti mfundo ipambane pakufunika 22. Suli wekha, wangoyamba kulankhula ndiwe.

Funso lako loyamba yankho lake ndi eya. Kopaletivi yotere imasiyana ndi msika wa kampani pa chinthu chimodzi: malamulo a amene aoneke ndi amene abisike mumapanga eni akenu. Kukhala chete kwako nakonso ndi voti, ndipo kumagwera ku mbali ya zimene zilipo kale.

Simunalakwe poika akulu patsogolo, munangoiwala kuti foni si bwalo. Pa msonkhano wokhala kumbuyo amamva zonse, ndipo akatsokomola amaoneka. Pa foni wa kumbuyo kulibeko. Tsono taona ichi, chimene ndikukhulupirira kuti palibe anachiwerengera. Mu mzere wotsata zaka, munthu amakwera bwanji? Kuti iwe uchoke pa 41 kufika pa 12, anthu 29 ayenera kusiya ntchito kapena kutsikira kumanda. Mwamanga makwerero amene mwana amakwera ndi maliro a akulu ake. Sindidziwa mkulu amene angakonde kuti ana 31 aziwerenga zaka zake.

Masiku atsala ndi ochepa, ndiye chita izi motsatana.

Usadikire Loweruka. Pita kwa apongozi ako aakazi mawa, monga umapitira ndi nkhani ina iliyonse yolemera, uwauze za makwerero aja kuti akawafikitse kwa Ba Inyambo. Imwiko apite nawe. Mantha ake ndi omveka, koma pakhomo pa atate ake adzalowa mosavuta ngati nkhaniyo yayamba kulowa ndi iye. Chimene chimapweteka mkulu si kugonja, ndi kudzidzimutsidwa pagulu.

Ukatero, tenga malamulo a kopaletivi yanu kwa mlembi, uwawerenge wekha kuyambira mutu mpaka siginecha. Ona ngati amalola voti ya pa pepala. Ngati sanena kanthu, pempha kuti msonkhano uyambe wavotera zimenezo. Dzanja lokwezedwa pamaso pa mkulu wotembenuka silinena zimene mwini wake akuganiza.

Mfundo yako ipite yolembedwa, osati yodandaula. Anthu asanu ndi mmodzi atsopano tsiku lililonse, motsatana, ndiye kuti palibe adzatha masiku asanu ndi atatu osaoneka pa tsamba loyamba. Muyese miyezi itatu, muwerenge kuti katundu wa aliyense watsegulidwa kangati, kenako muvotenso. Mkulu amavomera msanga chinthu chimene angathe kuchibweza.

Ulemu nawo upezereni malo ake. Pakhale tsamba la oyambitsa, lokhala ndi zithunzi zawo, zaka zimene asema ndi mayina a amene anawaphunzitsa. Pamenepo Ba Inyambo akhale woyamba mpaka kalekale. Ndikuganiza kuti mlendo amene wawerenga za manja amene asema mvuu zaka makumi atatu adzaifunafuna mvuuyo ngakhale itakhala pa tsamba lomaliza.

Za Ba Siyanga usataye nazo mpweya. Ungowafunsa mwaulemu nambala yawo mu mzere. Akakhala kuti ali kupitirira 12, kuseka kuja kunali kwa munthu amene sanatsegule foni yake.

Chenjezo langa ndi ili. Ukhoza kugonja, ndipo ukagonja uzimvera, chifukwa umwini umene ukuufuna ndi womwewo. Ukapambananso usaiwale kuwerenga kutsogolo. Padzapita zaka makumi anayi, iwe udzakhala pa mpando wakutsogolo, ndipo dengu lako lidzadikira masiku ake asanu ndi atatu kumbuyo kwa la mpongozi wako. Ngati zimenezo ukuzivomera lero, gwada Lamlungu monga mwa masiku onse, Loweruka uvote.