Maswiti a m'dirowa ya atelala

Aphungu,

Ndakulemberani chifukwa zandifika pakhosi. Ndikapanda kuuza munthu ndiphulika.

Amuna anga ndi telala, amasoka pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika. Ndi munthu wabwino, samwa mowa, sayendayenda, koma makani awo akudziwa ndi Mulungu. Zaka zingapo zapitazo anawapeza ndi matenda a shuga, ndipo kuyambira pamenepo nyumba yonse tinasintha kadyedwe. Tiyi timamwa wosathira kanthu ndi ana omwe, mafuta ndimachita kudontheza, mapiritsi ndimawapatsira m'manja ndine. Koma tikapita kukayezetsa, shuga amapezeka ali pamwamba basi, ngati ine ndimangokhala.

Tsono pali nkhani ya m'kamwa. Nkhama zawo zinatupa, zinafiira, ndipo zimatuluka magazi akangoluma kanthu. Mano awiri am'munsi akugwedera. Mukudziwa mmene atelala amachitira: sizasi ili pompo koma ulusi amadula ndi mano, mapini amasunga pamlomo, akadya nyama amatokosa m'mano ndi singano yomweyo yosokera. Mwezi watha anapaka magazi pakolala ya shati yoyera ya munthu. Ndinakaichapa ndine mobisa mwiniwake asanabwere.

Mswachi anausiya kalekale. Akuti, "Chinthu chikamanditulutsa magazi ndiye kuti chikundivulaza. Mukufuna ndizidzicheka m'mawa uliwonse?" Amangochukucha madzi n'kulavula, basi atsuka. Fungo lake, Aphungu, ndikunena ndi manyazi, ndimagona nditayang'ana kukhoma.

Sabata yatha ndinawaperekera chakudya kuntchito. Ndinapeza atatuluka pang'ono, ndipo poti batani la bulauzi yanga linali litathothoka, ndinatsegula kadirowa ka makina kufuna singano. Ndinapezamo maswiti! Osati awiri kapena atatu, thumba lathunthu, aja oziziritsa m'kamwa, timapepala take tili mbwee pakati pa ulusi. Atabwera ndinawafunsa, iwo osachita n'komwe manyazi. "Awa si maswiti odya, mayi, ndi a ntchito. Munthu ndikamamuyeza ndimamuyandikira kumaso. Mukufuna makasitomala athawe?" Akuti amavumata imodzi kasitomala aliyense akafika. Ndipo makasitomala ali nawo ambiri.

Ulendo watha kuchipatala, anamwino atawayang'ana m'kamwa anatiuza kuti tikaonane ndi dokotala wa mano, akuti chiseyeye chimenechi chikhoza kukhala chikuthandizira kukweza shuga. Titangotuluka pageti iwo anayamba kuseka. "Shuga ali m'magazi, mano ali m'kamwa, zikugwirizana pati? Akungofuna andizule mano ndizioneka ngati nkhalamba." Kwa dokotala wa mano sanapondeko. Panopa ali ndi kachilonda pachala chakuphazi, nsapato inawasupula, koma masabata akupita sikakupola.

Chimene chikundiwawa kwambiri ndi alamu anga, achemwali awo aakulu. Akulengeza kwa abale onse kuti ine ndi amene ndikuwapha bambowa ndi kaphikidwe. Anabwera kunyumba n'kumavundukula mapoto anga, kununkhiza ndi m'kapu momwe. "Mlongo wangayu ndimutenga ndikamusamale ndekha," anatero pamaso pa ana. Amuna anga anali pompo, anangoti zii, maso ali pansi. Ine za maswiti sindinaulule, chifukwa ndikaulula maswiti ndiye kuti ndaululanso za fungo, ndawavula pagulu.

Ndithandizeni. Kodi n'zoona kuti nkhama zingadwalitse thupi lonse, kapena anamwino aja amangotiopseza? Nanga ndipitirize kusenza mlandu wa maswiti omwe sindinadye?

Ine wotopa,
N.M., mkazi wa telala

Mayi N.M.,

Kalata yanu ndaiwerenga mpaka ndagwira pakamwa. Munthu wa shuga kumavumata maswiti tsiku lonse n'kumati ndi a ntchito! Kodi thupi limafunsa kuti switi iyi yabwera pa ntchito kapena pa zosangalatsa? Inu mukudontheza mafuta kunyumba, iwo akukhuthulira shuga m'magazi pakhonde la sitolo. Mungalephere bwanji kutopa?

Anamwino aja sanakunamizeni. Nkhama zotuluka magazi ndi chilonda, chilonda chotseguka, ndipo chili podutsa chakudya. Chikanakhala pamkono bwenzi atathamangira kuchipatala kalekale, koma poti chabisala kuseri kwa milomo akuchiyesa chibwana. Tizilombo timene timaswana m'mphepete mwa mano timalowera pomwepo n'kupita m'magazi. Thupi limakhalira kulimbana nato, ndipo thupi limene lili pankhondo yotere limavutika kutsitsa shuga ngakhale munthu akumwa mankhwala. Shuga akakwera, nkhama nazo zimalephera kupola, tizilombo timachulukirachulukira. Matenda awiriwa amadyetsana. Madokotala amaonanso kuti anthu a chiseyeye chokhalitsa amapezeka kawirikawiri ndi mavuto a mtima ndi mitsempha ya magazi. Ndiye bambowo akafunsanso kuti zikugwirizana pati, auzeni kuti magazi amene akudontha m'kamwa ndi omwewo amene akupita kumtima ndi kuphazi. Alibe ena apadera.

Yambani ndi phazi. Kachilonda kosapola pa munthu wa shuga si kodikira nako tsiku lokayezetsa shuga kapena kumanga ndi kansalu kotsala posoka. Akakaonetse sabata ino, ndipo mukafika kumeneko munene za maswiti, chifukwa achipatala akhoza kumangowonjezera mapiritsi osadziwa kuti mdani ali m'dirowa.

Tsiku lomwelo mufunse kumene kuli dokotala wa mano, ndipo mumuuze kuti bambowa ali ndi shuga. Mantha awo ozulidwa mano ndawamva, koma ali chadodolido. Ntchito yoyamba kumeneko ndi kupala zolimba zachikasu zija zimene zamatirira m'munsi mwa mano, zomwe mswachi sungachotse. Dzino logwedera nthawi zina limapulumuka likafika msanga. Amene amatha mano ndi amene amakhala kunyumba n'kumaopa kuzulidwa.

Mswachi ubwerere. Muwagulire wofewa, azitsuka m'mawa ndi madzulo ndi mankhwala otsukira mano, pang'onopang'ono, osati ngati akukwecha poto. Masiku oyamba magazi azitulukabe, asadabwe, si mswachi ukuwacheka, ndi nkhama zodwala. Akapitiriza amayamba kuchepa. Madzi ofunda othira kamchere amathandiza kuchukucha, koma si mankhwala ochiritsa. Singano ibwerere kunsalu, ulusi azidula ndi sizasi. Ndikudabwa kuti zimenezi zikufunika kumuuza munthu amene wagwira sizasi moyo wake wonse.

Pa maswitipo, musawanyoze kwambiri. Bambowa fungo akulidziwa, akuchita nalo manyazi, ndipo akuopa kutaya makasitomala. Mantha amenewo ndi enieni, ndipo polowera panu ndi pomwepo. Auzeni mosapita m'mbali kuti fungolo likuchokera m'nkhama zodwala, switi imangoliphimba kanthawi kochepa kenako imadyetsa tizilombo tomwe tikulibweretsa. Nkhama zikachira fungo limatha. Padakali pano m'dirowamo muchoke thumba, pambali pa makina pakhale botolo la madzi. Ndipo muwauze kuti inunso fungolo mumalimva. Muli awiri, mwaulemu, koma muwauze.

Tsono alamu anu. Simukuyenera kuitanitsa msonkhano wa abale kuti mulengeze za m'kamwa mwa amuna anu, pamenepo mwaganiza bwino. Koma kubisa munthu n'kwina, kumusenzera mlandu n'kwina. Chandikwiyitsa m'kalata yanu si alamuwo, iwo akuona mlongo wawo akufooka ndipo akusaka womuloza chala. Chandikwiyitsa ndi bambo amene anakhala chete mkazi wake akuvundukuliridwa mapoto pamaso pa ana, maswiti akudziwa pomwe ali. Muwapatse mpata akawauze okha achemwali awowo. Akakana, muwadziwitse kuti mukawauza ndinu, kumbali, inu ndi alamu anu basi. Mphamvu zonunkhiza makapu zija akazigwiritse ntchito powakokera mlongo wawo kuchipatala. Munthu amene samvera mkazi wake nthawi zina amanjenjemera achemwali ake akakweza mawu.

Chenjezo langa nali. Mapiritsi a shuga asasiye ngakhale nkhama zitayamba kuchira. Mukaona tsaya latupa, thupi latentha, akuvutika kumeza, kapena chala chija chayamba kuda, kutupa kapena kununkha, musadikire kuti kuche kawiri, pitani tsiku lomwelo. Ndikudziwa kale chimene akakuyankheni: ali ndi zovala za anthu zoti amalize, nthawi yopita kuchipatala alibe. Musakangane nawo. Mungowafunsa kuti chaka chamawa makinawo adzapalasa ndi phazi liti.

Aphungu